Dzina Limene Ottavio Ankaitana

1

Dzina langa ndine Zione, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kuno ku Karonga ndi sutikesi imodzi, boma litanditumiza kudzaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mlare. Nkhani yangayi ndi ya mzungu wa ku Italy amene sindinaonanepo naye, koma anatsala pang'ono kundiphwasulira banja, iye osadziwa n'komwe kuti padziko pali malo otchedwa Mlare.

Amuna anga ndi a Ambokile, ndipo ntchito yawo ndi yomasulira mafilimu. Amakhala m'kachipinda ka kuseri ndi laputopu komanso maikolofoni yovekedwa sokosi, n'kumayankhula m'malo mwa aliyense amene watsegula pakamwa mufilimumo: mwamuna, mkazi, wapolisi, nthawi zina ngakhale kavalo. Akamaliza amaika pa memore, mamemorewo n'kumwazika m'nyumba za vidiyo kuyambira ku Chilumba mpaka ku Songwe.

Tili pachibwenzi ndinawafunsa kuti, "Kodi Chitaliyana munaphunzira kuti?"

"Sindidziwa ngakhale moni wake."

"Nanga mumamasulira chiyani?"

"Nkhope, Aphunzitsi. Mafilimu a Chingerezi ndinasiya chifukwa aphunzitsi anzanu ankandigwira bodza. Koma Chitaliyana anditsutsa ndani ku Mlare kuno?"

Ndinaseka mpaka misozi. Ndikuganiza kuti ndi tsiku limenelo ndinavomera mumtima kuti ndikwatiwa nawo.

2

Mzungu wawo anali mmodzi, Ottavio Ferrandi. Mafilimu ake ankakawasaka ku Kyela, tsidya la malire, ndipo mbiri yake ankaifufuza pafoni n'kumandilakatulira ine ndikuchonga makope a ana.

Ottavio anabadwira m'katauni kosauka ka m'mbali mwa nyanja yamchere. Bambo ake ankasoka maukonde. Ali mnyamata anathawira ku Rome, komwe ankanyamula nyale ndi mawaya a anthu ojambula mafilimu. Tsiku lina wosewera wina anakana kugwa pakavalo, Ottavio n'kuti, "Ndigwa ine." Anagwadi, nathyoka mphuno, ndipo mphuno yokhotayo ndi imene inamupezera ntchito. Poyamba ntchito yake inali yomenyedwa ndi kufa filimu isanafike pakati. Kenaka anamupatsa chipewa, mfuti ndi kavalo wakewake. Mafilimu a akavalo atatha fasho anasanduka wapolisi wa jekete lothothoka. Anayesako zoseketsa, anthu osaseka. Mkazi wake atamwalira anasowa kwa zaka zambiri, n'kudzatulukiranso ali ndi imvi, akusewera ngati nkhalamba youma mutu.

"Taonani nkhopeyo," amuna anga ankatero, ataimitsa chithunzi. "Ngakhale akuwombera munthu amaoneka ngati akupepesa."

Ottavio akangotulukira mufilimu iliyonse, kaya muli kavalo kaya mulibe, amuna anga ankamuyankhulitsa mawu omwewo: "Kavalo watopa, nsapato yabooka, koma ine ndafika." Ndipo nyumba yonse ya vidiyo inkayankha pamodzi kuti, "Wachedwa, Ottavio!"

Ine kuvidiyo sindinkapitako. Mphunzitsi sakhala pabenchi limodzi ndi ana a kalasi yake. Komanso ndinali ndi zanga zondidya. Zaka zinkapita, m'nyumba mopanda mwana. Ndinamwa mizu yowawa, ndinapita mpaka ku Mzuzu, madokotala osandiuza chogwirika. Ndikati tikayezetse tonse, amuna anga ankakana.

"Tisafufuze, mayi. Bola anthu azitikayikira tonse awiri."

Ndinkawaona ngati munthu wachifundo kwambiri padziko.

3

Amene anandiyambitsa moto ndi Yunike, mnzanga wogulitsa mpunga pamsika. Tsiku lina akundiyezera mpunga anandiyang'ana cham'mbali.

"Alamu, kodi Lughano ndi ndani?"

"Lughano wake uti?"

"Aa, ndiye kuti simuonera mafilimu a amuna anu? Msika wonse ukumudziwa Lughano. Mzungu uja sagona naye tulo."

Loweruka lotsatira, amuna anga atapita ku boma kukagula batire, ndinalowa m'kachipinda kaja n'kutsegula laputopu. Filimu yoyamba: Ottavio waima pakhomo, chipewa m'manja, akuyang'ana mkazi watsitsi lalitali. Mawu a amuna anga, otsika, osaseka konse: "Lughano, ndimakuganiza tsiku ndi tsiku." Filimu yachiwiri, mkazi wina, dzina lomwelo: "Lughano, usamve zimene akukuuza za ine. Tsiku lina ndidzabwera." Yachitatu, Ottavio ali pakati pa chipululu, fumbi lokhalokha, koma akuti, "Lughano, mtsinje ukadzaza usawoloke. Ndipo uzigona mu neti."

Pamenepo anthu akuti ankaseka mpaka kugwa pabenchi. Ine sindinaseke. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndi mawu amene ankandiyankhula nawo ndikadwala malungo.

Ndinatsegula mafilimu akale, a nthawi imene tinali tisanakwatirane. Lughano analimo.

4

Madzulo tikudya ndinayesa kufunsa mwanzeru.

"Bambo, akazi a Ottavio onsewa bwanji dzina ndi limodzi?"

Dzanja lawo linaima m'mbale. "Ndi dzina chabe. Limakoma pamaikolofoni."

"Zione silikoma?"

"Mukufuna ana a kalasi yanu azikusekani?"

Anaseka okha, n'kudzuka asanakhute.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhala pansi. Ndinkaphunzitsa maso ali pazenera. Ndinkanunkhiza malaya awo ndisanachape. Foni yawo ndinaifufuza, osapezamo kanthu. Koma ndinaona chinthu chimodzi: filimu ikangotha kumasulidwa, memore yoyamba sinkapita kwa eni vidiyo a ku Mlare, ngakhale anali pafupi ndipo ankachita kuchonderera. Inkapatsidwa kwa kondakitala wa minibasi kuti akaisiye ku Kaporo, kwa munthu wotchedwa Bruce.

Kaporo ndi kwawo kwa amuna anga. Chikwatiraneni anali asananditengereko. Makolo awo anamwalira, ndipo ankati kulibe wokamuona.

Yunike amapikula mpunga ku Kaporo komweko, ndiye ndinamutuma kuti akatchere khutu. Anabwera akupuma mothamanga.

"Alamu, aliko! Kondakitala akuti kuvidiyo ya Bruce kuli Lughano. Filimu ya amuna anu ikafika amakhala benchi la kutsogolo, ndipo pakhomo amangolowa, samufunsa kanthu."

"Unamuona?"

"Ndinalibe nthawi, mpunga unali pamsewu. Koma atsikana a ku Kaporo mukuwadziwa inu, misinkhu ngati milingoti."

Sindinafunsenso china. Memore yatsopano inanyamuka Lachisanu. Loweruka m'mawa ndinati ndikupita ku msonkhano wa aphunzitsi, n'kukwera minibasi.

5

Vidiyo ya Bruce inali kuseri kwa chigayo cha mpunga: chisakasa cha malata, nsalu yakuda pakhomo, sipikala ili panja kuti odutsa amve. Ndisanafike n'komwe ndinamva mawu a amuna anga akugunda msika wonse: "Kavalo watopa, nsapato yabooka..."

"Wachedwa, Ottavio!"

Ndinakankha nsalu ija. M'katimo munali mdima ndi thukuta. Ndinapita molunjika kukaima kutsogolo kwa sikirini.

"Mama, tachokani, mukutitchinga!" wina anakuwa.

"Zimitsani!" ndinatero. "Bruce ndi ndani? Zimitsa!"

Bambo wina wamfupi, Bruceyo, anadzuka n'kuimitsa filimu. Ottavio anauma pasikirini, pakamwa pali yasa.

Ine, mphunzitsi amene ndimalanga ana akatukwana, ndinakuwa mpaka anthu a kuchigayo anasiya matumba n'kubwera. Ndinati ndine mkazi wa Ambokile womasulira mafilimu. Ndinati ndikudziwa kuti mauthenga onse a mzunguyu ndi a munthu amene ali muno. Kenaka ndinati, "Lughano ndi ndani? Hule iwe woba amuna a eni, imirira ndikuone!"



Pabenchi la kutsogolo, pafupi ndi bondo langa, panaimirira kamtsikana ka zaka ngati khumi ndi ziwiri. Kanavala diresi la yunifolomu lozilala, kumapazi kuli matope a kumunda. Kanali ndi makutu otambalala ndi mpata wa mano akutsogolo, zimene ndimaziona m'mawa uliwonse patsidya pa tebulo.

"Ndine," kanatero.

Pakhomo panali pataima bambo wamtali, mankhusu a mpunga ali m'tsitsi. Anafunsa Bruce m'Chinkhonde, Bruce n'kungoyang'ana pansi. Kenaka anatembenukira kwa ine m'Chichewa chodukaduka koma chomveka.

"Mayi, mwati mawu awa ndi a Ambokile? Ndipo amayankhula ndi mwana uyu?"

Ndinali nditayankha kale pamaso pa msika wonse.

Anamugwira mwanayo padzanja n'kutuluka naye. Mwanayo sanalire. Anangocheuka kamodzi, osati kuyang'ana ine, koma sikirini.

6

Anthu atabalalika, Bruce anandikhazika pakreti. Anali wokwiya moti ankayankhula motsitsa.

"Mukudziwa zimene mwachita, Madamu? Amene aja ndi a Reginald Mwangosi, malume ake a mwanayo. Zaka zonsezi samadziwa, chifukwa iwo ndi mkulu wa mpingo, vidiyo saponda."

Anandiuza zonse. Amuna anga ali mnyamata anapereka mimba kwa mtsikana wotchedwa Ruth, mlongo wa a Reginald, asanalowole. Ruth anamwalira pobereka. Pamwambo wa kuno, mwamuna wotero amayenera kubwera ndi abale ake kudzaonekera ndi kukambirana maliro asanaikidwe. Amuna anga anachita mantha. Anawoloka Songwe n'kukabisala ku Tanzania. Abale a Ruth anadikira ndi mtembo mpaka anatopa, naika okha. A Reginald analumbira pamanda kuti Ambokile sadzamuona mwanayo.

"Ambokile atabwerako anatumiza anthu, a Reginald n'kuwabweza," anatero Bruce. "Ndiye anapeza njira iyi. Mwanayo atayamba kuzindikira, ine ndinamunong'oneza kuti, mawu ukumvawo ndi atate ako. Nkhope yawo saidziwa. Amadziwa ya mzunguyo basi."

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Amuna anga anali atamva kale pafoni. Ndinawapeza atakhala pakhonde, manja ali pamutu.

"Mwandidulira chingwe, Zione."

Ndinali nditakonzeka kugwada. Koma atangotero, ndinapsa mtima.

"Chingwe? Nanga ine? Mizu yonse ija ndinkamwa, inu mukudziwa kuti muli ndi mwana! Munkandiyang'ana ndikusanza, n'kumati tisafufuze!"

"Ndikanakuuzani mukanadziwa kuti vuto si langa. Mukanapirira zimenezo?"

"Zimenezo zinali zoti ndisankhe ndine! Munauza Chilumba, munauza Songwe, munauza kavalo. Ine ndekha wogona nanu chipinda chimodzi ndiye ayi?"

Anatsegula pakamwa, osatuluka mawu. Munthu amene amatha kuyankhulira anthu khumi filimu yonse osameza malovu.

7

Kachipinda kaja kanatsekedwa. Eni vidiyo ankabwera, ankabwerera chimanjamanja. Bruce anatumiza uthenga kuti Lughano amuletsa ngakhale kudutsa njira ya kumsika, ndipo a Reginald akuganiza zomutumiza kwa achibale ku Mbeya sukulu ikatsekera.

M'masiku omwewo amuna anga anawerenga pafoni kuti Ottavio Ferrandi wamwalira, ali nkhalamba, m'katauni komwe anabadwira. Anandionetsa chithunzi: bokosi lanyamulidwa ndi asodzi. Filimu yake yomaliza inali kale m'laputopu, yosamasulira.

"Simuimasulira?"

"Amve ndani?"

Ine tulo tinatha. Ndikatseka maso ndinkaona mwana uja akuimirira, n'kumva liwu limene ndinamutchula. Ndinali ndisanawakhululukire amuna anga, koma za Mbeya zinkandiwotcha. Mwana akawoloka malire, ndiye kuti ndamuwolotsa ndine.

Ndinabwerera ku Kaporo ndekha. Ulendo woyamba a Reginald sanandipatse ngakhale mpando. Wachiwiri ndinawapeza kumunda akumweta mpunga. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje, n'kulowa. Chikwakwa sindichidziwa, ndinadzicheka chala anthu akuona.

"Mayi, mukutiwonongera mpunga," anatero. "Mukufuna chiyani?"

"Ndabwera kudzapepesa kwa mwana."

"Mwana mwamutukwana pagulu. Mukufuna kupepesa kumunda?"

Lamulungu lake ndinaima kutsogolo kwa mpingo wawo, mapemphero atatha, n'kunena zimene ndinachita, Bruce akumasulira m'Chinkhonde. Lughano anali pakati pa ana a kwaya. Sanadzutse mutu.

Panja a Reginald anandiitana.

"Inu mwabwera katatu, mlendo wa ku Ntcheu. Mwini nkhani amatuma anthu, kenaka anatuma mzungu. Kamuuzeni kuti ng'ombe zake sitikuzifuna lero. Abwere yekha, masana, akakhale pamanda a mlongo wanga pamene anayenera kukhala. Zina tidzaona."

8

Amuna anga anavomera, kenaka anakana, kenaka anadwala m'mimba. Tsiku la ulendo ndinawasitira malaya n'kuima pakhomo mpaka anavala. Pa Karonga boma, posintha minibasi, anati akufuna akagule madzi. Ndinawagwira lamba.

"Songwe munawoloka kamodzi, bambo. Madzi ndanyamula."

Kumanda kunali anthu ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Amuna anga anakhala pansi padothi, pambali pa manda a Ruth. Azakhali a malemu anayamba kulira ngati maliro ndi a dzulo, ndipo anawanena mawu ambiri amene sindinawamve, koma ndinkaona mapewa a amuna anga akugwedera. Sanadziteteze. Sanathawe.

Titabwerera kumudzi anatiyalira mkeka pansi pa mango. A Reginald anaitana mwanayo. Anabwera n'kuima kumbuyo kwa mpando wa malume ake.

"Munthu uyu ukumudziwa?"

Lughano anayang'ana bambo woonda, wamaso ofiira, wa fumbi m'thalauza. Anapukusa mutu.

"Ambokile, yankhula. Akuti ndiwe katswiri."

Amuna anga anangoti kukamwa yasa, ngati Ottavio tsiku lija pasikirini. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ndinaona a Reginald akugwira ndodo kuti adzuke. Ndinawatsina amuna anga pantchafu mwamphamvu.

Anatsokomola. Kenaka, maso ali pamkeka, mawu aja anatuluka:

"Kavalo watopa... nsapato yabooka... koma ine ndafika."

Mwanayo anadzidzimuka ngati waponda moto. Anatuluka kuseri kwa mpando, n'kuyandikira pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa pakamwa pamene patuluka mawuwo. Ana amene anali pampanda anayamba kunong'ona yankho, koma iye anawaposa.

"Mwachedwa, Tata."

Sanawakumbatire. Anangokhala pamphepete pa mkeka, n'kumawayang'ana mphuno.

"Ndimayesa ndi yokhota," anatero.

Ngakhale azakhali aja anaseka, misozi ili m'masaya. A Reginald anapukusa mutu. "Ndiye zimenezi ndi zimene anthu amasiyira ntchito kumunda?"

9

Lughano sanapite ku Mbeya. Akukhalabe kwa malume ake, ndipo zokambirana za akuluakulu zikadali m'kati. Amuna anga amaloledwa kukamuona, ndipo amapita ndi nkhope yawoyawo. Ine ndikapita nawo, mwanayo amandipatsa moni mwaulemu, amanditcha Aphunzitsi, n'kukakhala mbali ina. Liwu lija akulikumbukira. Sindimukakamiza. Tsiku lina anandibweretsera buku la masamu kuti ndimuthandize, ndipo pobwerera ndinalira mu minibasi mpaka kondakitala anandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Filimu yomaliza ya Ottavio anaimasulira. Anandichonderera kuti ndikaonere, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakhala pabenchi la ku Mlare, ana a kalasi yanga akundisuzumira. Ottavio anali wokalamba kwambiri, akuyenda ndi ndodo, akubwerera kumudzi kwawo. Chakumapeto anaima pakhomo la nyumba ina, mayi wina atatsegula. Anavula chipewa. Ndipo ndinamva mawu otsika aja:

"Zione, ndinakulakwira. Ndikhululukire."

Nyumba yonse inaphulika. Yunike anaimba nthungululu. Ine ndinadzuka n'kutuluka.

Anandipeza kunyumba ndikusankha nyemba.

"Simunamve, mayi?"

"Ndamva mzungu akupepesa. Mzunguyo sanandilakwire, ndipo anamwalira. Ngati inu muli ndi mawu, ndili pano."

Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane. Zimene ananena zinali zosalongosoka, zobwerezabwereza, zopanda ndi nthabwala imodzi yomwe. Filimu yotero palibe angaonere. Koma ndinasiya nyemba n'kumvetsera mpaka kumapeto.

Awerengi anzanga, sindikulemberani izi kuti mundiweruzire mlandu pakati pa ine ndi amuna anga. Tonse tili ndi pathu potupa. Za kusabereka kwanga tsopano ndikuzidziwa, ndipo zimapweteka kuposa mmene ndinkaganizira, komabe bola ndikuzidziwa. Chimene ndikukupemphani ndi ichi. Inu amene mwamva dzina lachilendo m'nyumba mwanu ndipo mwayamba kale kumanga chitenje, kaoneni kaye nkhope ya mwini dzinalo musanatsegule pakamwa. Ine ndinakuwa mumdima, ndipo amene anaimirira anali mwana. Ndipo inu amene muli ndi mawu ovuta, musawatumize pa kondakitala, pa mnzanu, kapena pa mzungu wokwera kavalo. Munthu amene mukumuopayo mwina ali patsidya pa tebulo, akusankha nyemba.